Mmene mungagulire kaunjika kuno ku Mangochi ndalama osatayika

Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 muja, kaunjika naye anasiya kukhala kothawira kwa wina aliyense ngati kale. Belo limachokera kunja, limagulidwa ndi madola, nde dola ikasowa kapena ikakwera belo limadula, venda naye amakweza, mapeto ake zonse zimadzathera pa ife amene tikungofuna kabudula mmodzi wa mwana. Mukukumbuka mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anachita kuyenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula za mitengo ya mabelo, ndiye mayi wa pa msika akamati "bwana si ine, belo ladula" sikuti nthawi zonse akukunamizani ayi.

Olo zili choncho, jinzi yabwino ya pa kaunjika imaposabe jinzi yatsopano yotchipa ija imene mukaichapa kawiri yasuluka, zipi yafa. Nkhani yagona pa kagulidwe. Ine ndimaona kuti ndalama zambiri sizitayika chifukwa choti munthu satha kunenerera, zimatayikira pa zinthu zoti tagula koma sitivala: siketi yothina, shati ya banga kumsana, nsapato yoti pansi pake pathetheka sabata yomweyo, chijekete cha ubweya chogula chifukwa chinali chotchipa pomwe munthu ukukhala ku M'baluku kotentha chonchi.

Yambirani kunyumba

Tsiku loti mawa mukupita ku msika, khuthulani sutikesi kapena basiketi ya zovala pa mphasa muone chimene chilipo ndi chimene chikusowadi. Nthawi zambiri mupeza mabulauzi ali mbwee koma siketi yovalira ili imodzi, mwana matisheti ambirimbiri koma kabudula wabwino alibe. Lembani listi, kaya pa foni kaya pa kapepala, pamwamba pakhale zofunikadi monga nsapato yakuda ya kusukulu, thalauza ya kuntchito, shiti ya pabedi. Zongofuna mtima zikhale pansi, mudzazione ndalama ikatsala.

Kenako miyezo. Pa mulu wa kaunjika palibe chipinda choyesera ndipo ana ambiri timawasiya kunyumba, nde muimikeni mwana pa pepala, lembani phazi lake kuzungulira ndi bolopeni, dulani pepalalo mukalilowetse mu nsapato pa msika. Likapindika kutsogolo, nsapato yachepa, isiyeni. Yabwino ndi yoti kutsogolo kwatsala mpata wa chala chachikulu cha dzanja, chifukwa phazi la mwana silidikira. M'chiuno ndi kutalika kwa mwendo yezani ndi chingwe mumange mfundo, chingwe chilichonse cha mwana wake, musazisakanize. Akuluakulu pitani kwa telala wa pakhonde akuyezeni kamodzi, chifuwa, chiuno, mapewa ndi kutalika kwa thalauza, manambalawo musunge mu foni. Ngati mungathe gulani tepi yanu, imakwana m'thumba bwinobwino.

Povala tsikulo valani zopepuka zoti mutha kuyeserapo chovala pamwamba, ndipo tengani chikwama chanu chonyamuliramo.

Werengerani pamodzi ndi transipoti

Munthu wochokera ku Makanjira, ku Katuli kapena ku Monkey Bay kubwera pa boma kudzangogula malaya awiri, ndalama imene akuti wapulumutsa yathera mu galimoto, kuwonjezera kabaza wapa depoti, chipisi ndi madzi ozizira chifukwa dzuwa la kuno silikhululuka. Nde musanyamuke, phatikizani zonse: kupita, kubwerera, chakudya, komanso ndalama ya telala ngati pali zokonzetsa. Yotsalayo ndiye bajeti yanu yeniyeni. Tiyerekeze muli ndi K40,000, transipoti ndi nkhomaliro zadya K10,000, telala mwamusungira K4,000, ndiye kuti pa msika mukulowa ndi K26,000, musadzinamize kuti muli ndi 40.

Ngati muli kutali, dikirani tsiku loti muli ndi zina pa boma, kaya ku banki kaya kuchipatala kaya kokaona m'bale, kaunjika akhale wongodutsirapo. Apo ayi dikirani tsiku la msika wa kwanuko, mavenda ambiri amazungulira ndi katundu yemweyo m'misika ya m'matrading. Njira ina ndi kutumana, anthu atatu anayi pa mudzi kupereka miyezo ndi ndalama kwa mmodzi wa diso labwino, transipoti n'kugawana.

Ndalamayo sinthiranitu ikhale ya mapepala ang'onoang'ono. Kunenerera shati mpaka kutsitsa kenako n'kutulutsa mpukutu wa ma K5,000, wogulitsa amakuonani kuti mumangomuvutitsa, ndipo chinthu chachiwiri sakutsitsiraninso. Igaweni pawiri, ina m'thumba lapafupi ina mkati, paja pa mulu anthu amapanikizana ndipo ena sabwerera zovala. Airtel Money kapena Mpamba ambiri amalandira, koma funsiranitu ngati akufuna muwonjezere yotapira, chifukwa kandalama kameneko kamatha kudya zonse zimene mwanenerera.

Sankhani nthawi

Pali nthawi ziwiri zogulira ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Belo likangotsegulidwa m'mawa, zabwino zonse zimakhala zilipo koma mtengo uli pamwamba, ndipo mumalimbirana ndi anthu ogula kuti akagulitsenso, amene manja awo ndi achangu zedi. Nthawi imeneyi ndi ya zinthu zoti zikhalitse komanso zoonekera pagulu, zovala za kuntchito, diresi ya ku ukwati, nsapato, jinzi. Koma zovala zosewerera ana, zopitira kumunda kapena kunyanja, zogonera, zimenezo dikirani madzulo kapena masiku oti belo lasankhidwasankhidwa, wogulitsa akufuna angochotsa zotsala apeze ya belo lina. Pamenepo mpamene mumamva akukuwa mtengo umodzi pa chilichonse cha pa mulu.

Funsani wogulitsa tsiku limene amatsegula, sabisa. Mashopu a kaunjika ngati a DAPP amayendera njira ina, mtengo ndi wokhazikika simunenerera, koma umatsika sitoko ikamakalamba mpaka italowa yatsopano, nde kumeneko funso ndi lomwelo, sitoko yatsopano ilowa liti. Chimene mwachikondadi tengani tsiku loyamba, chimene mukuchikayikira chisiyeni mudzachione chitatsika, chikapita chapita basi.

Nyengo nayo yang'anani. Juzi, jekete ndi bulangete gulani mu Okutobala kapena Novembala pamene aliyense akuthawa kungozikhudza chifukwa cha kutentha, osati mu Juni mwera utayamba kuwomba aliyense akuzifuna, makamaka inu a ku Namwera kumene kumazizira zenizeni. Nsapato zakuda ndi zikwama za sukulu musadikire Sepitembala sukulu zikutsegulira. Zovala za Idi gulani Ramadan isanayambe, chifukwa masiku omaliza aja msika umadzaza, madiresi aatali ndi zovala za ana zimatha msanga ndipo wogulitsa alibe chifukwa chokutsitsirani pamene kumbuyo kwanu kuli anthu asanu akudikira chovala chomwecho. Khirisimasi chimodzimodzi. Kumapeto kwa mwezi anthu atalandira mitengo imauma, pakati pa mwezi imafewa. Ndipo Lachisanu masana musadabwe kupeza malo ambiri ataphimbidwa, eni ake ali ku mzikiti, bwerani m'mawa kapena akaweruka.

Zungulirani kaye musanagule

Chovala chimodzi chomwecho chimakhala ndi mitengo itatu. Pa mulu pansi ndi chotchipa. Chikachapidwa, kusitidwa ndi kukolekedwa pa hang'ala, mtengo wakwera. Chikajambulidwa n'kuyikidwa pa status ya WhatsApp, wakweranso. Si kuba ayi, munthu uja wakusankhirani ndipo mukulipira nthawi yake, koma ngati cholinga ndi kupulumutsa ndalama ndiye weramani nokha pa mulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, yambirani mbali imodzi muzitembenuza mpaka pansi, chilichonse chokusangalatsani kolekani paphewa, mudzasankhe bwino pomaliza. Mukachibwezera pansi kuti muganize kaye, mayi wa pambali panu watola kale.

Ulendo woyamba ingoyendani mzere wonse kufunsa mitengo ndalama ili m'thumba. Mukamva anthu atatu anayi mumadziwa pamene mtengo wa tsikulo ukuyendera.

Kuyang'ana chovala

Apa ndiye musathamange. Mmene mumachitira ndi chambo pa doko, kuyang'ana maso, kukanikiza pamimba, kununkhiza, chovala nachonso chimafuna zomwezo.

Choyamba chitulutseni padzuwa. Pansi pa tenti ya buluu kapena m'kashopu ka mdima mabanga sawoneka ndipo mtundu umanama. Pemphani, "mayi ndichione panja pompa," sakana bola musapite patali. Chitambasuleni moyang'anitsa kudzuwa, malo operepeseka ndi timabowo ta njenjete timaonekera pompo. Azimayi njira yomweyi ikuuzani ngati diresi kapena siketi ndi yoonekera mkati, chifukwa pali nsalu zina zooneka bwino m'manja koma mukaima pakhomo dzuwa lili kumbuyo zonse zili poyera, nde werengerani ndalama ya pitikoti kapena isiyeni.

Kenako chitembenuzeni kunja kukhale mkati. Pa shati yang'anani kolala ngati yayamba kudyeka popindika, m'khwapa, ndi kumapeto kwa manja. Pa thalauza ndi jinzi malo oyamba kutha ndi pakati pa miyendo pamene ntchafu zimakhulana, kenako m'matumba, lowetsani dzanja mpaka pansi, ndi kumapazi kumbuyo kumene imapondedwa. Zipi ikwezeni ndi kuitsitsa katatu, ndipo ikafika pamwamba kokani mbali zonse muone ngati siyitseguka yokha. Lasitiki ikokeni, ikamalira ngati ikuthetheka kapena ikapanda kubwerera ndiye kuti inafa. Msoko ukokeni pang'ono, ulusi ukamaonekera motalikana chovalacho sichikhalitsa.

Mabanga alipo a mitundu iwiri. Fumbi, matope ndi litsiro la pa msika zimachoka ndi sopo. Koma chikasu cha m'khwapa, inki, mafuta akale, dzimbiri, timadontho takuda ta chuku, ndi malo oyera pamene panadonthera jiki, zimenezo sizichoka olo wogulitsa alumbire kuti "ndi kungoviika mu safu basi." Fungo la m'belo lija limatha mukachapa ndi kuyanika, musaliope, koma fungo la chinyontho chokhalitsa ndi lovuta.

Dziwani zokonzeka ndi zosakonzeka. Batani losowa, msoko womasuka, thalauza yaitali, chiuno chachikulu, zipi yakufa pa jinzi yolimba, zonsezi telala amakonza, ndipo ndi zifukwa zabwino zotsitsira mtengo. Koma nsalu yoperepeseka, mapewa a jekete osakwana, ndi chovala chochepa, palibe telala angathandize. Chachikulu chimachepetsedwa, chaching'ono sichikula, ndipo zija zoti "ndichepa thupi ndidzavala" tonse tikudziwa mmene zimathera kkkk.

Sayizi ya pa lebulo musaikhulupirire kwambiri. Mu belo limodzi muli zovala za mayiko osiyanasiyana, M wa dziko lina ndi L wa dziko lina, ndipo zina zinafota pochapa kwa mwini wake woyamba. Tepi kapena chingwe chanu chija ndiye chinena zoona. Mukayiwala, mangani batani la thalauza muzungulize chiuno chake pakhosi, mbali ziwirizo zikakumana kumbuyo bwinobwino nthawi zambiri imakwana, koma ndi njira yongoyerekeza, kwa anthu a mimba kapena a mbina imanama. Abambo onaninso mabatani: shati ya amuna mabatani amakhala kudzanja lamanja mukaivala, ya akazi kumanzere. Ambiri akuyenda ndi mabulauzi osadziwa.

Lebulo ili ndi ntchito ina yofunika kwa ife a kunyanja, kukuuzani nsalu. Pakalembedwa cotton, linen kapena viscose, chovalacho chimapitisa mphepo ndipo mu Okutobala mupuma. Polyester ndi acrylic zimasunga kutentha ndi fungo la thukuta, shati yoteroyo mukakwera nayo kabaza kuchokera pa Mpondasi kufika pa boma mwanyowa kale msana wonse. Ubwino wa polyester ndi woti imalimba ndipo imauma msanga, nde pa zovala za mpira kapena zosewerera ana ndi yabwino. Pakakhala kachizindikiro ka kabeseni kothethedwa ndi X, kapena mawu oti dry clean only, chovalacho sichifuna madzi, ganizani kawiri chifukwa masuti ena mukangowachapa m'beseni amakwinyika osabwereranso.

Chomaliza pa zovala, werengani zolembedwa pa tisheti. Ngati Chingerezi chake chikukuvutani funsani mwana wasukulu kapena wina pompo. Timaona agogo aulemu wawo ali pa maliro kapena akuchokera kopemphera atavala tisheti yotukwana kapena yotsatsa mowa, osadziwa, ana n'kumaseka kumbali.

Nsapato

Nsapato ndi pamene ndalama yambiri imatayikira nthawi imodzi. Ogulitsa amazichapa, kuzipaka polishi ndi kumata ndi guluu, nde kuwala kwa pamwamba kusakutengeni mtima. Yambani ndi kuziyika pamodzi soli ndi soli muone ngati zilidi za peyala imodzi, zimachitika kuti ina ndi 41 ina 42, kapena mtundu wosiyana pang'ono. Ipindeni pakati mwamphamvu, mukaona timing'alu pa soli kapena tizidutswa tikugwa ngati nyenyeswa, isiyeni olo ioneke yatsopano. Pali ma soli ena amene amawonongeka ndi kukhalitsa osavalidwa, pamwamba nsapato ili bwinobwino koma mukayenda nayo pa tala wotentha imayoyoka tsiku lomwelo. Kanikizani soli ndi chikhadabo, yamoyo imabwerera, yakufa imasiya dzenje kapena imamata.

Chotsani kansalu ka mkati muone pansi ngati sipanabowoke, gwirani kumbuyo kwa chidendene ngati kukadali kolimba, ndipo onani mmene chidendene chinadyekera, chikadyeka mbali imodzi kwambiri nsapatoyo izikupendeketsani. Manambala ali mitundu, UK 8 imayendera limodzi ndi EU 42 pomwe ya amuna ya ku America imakhala cha pa 9, nde yesani zonse ziwiri mutavala sokosi, muyende masitepe angapo. Madzulo phazi limakhala litatupako, nde mukamayesa m'mawa muzikumbukira zimenezo. Mukagula, musanaivale ipititseni kwa okonza nsapato aisoke kuzungulira, makamaka za ana asukulu, kandalama kochepa koma nsapato imatha chaka.

Mashiti, makatani ndi matawulo atambasuleni onse mothandizana ndi wogulitsa, chibowo chimabisala pakati popindidwa. Ndipo musanyoze shiti yaikulu ya kotoni kapena chidiresi chachikulu choti palibe akuchifuna, imeneyo ndi nsalu, telala amatulutsamo madiresi awiri a mwana kapena mapilokesi. Zovala zamkati ine ndimati gulani zatsopano olo zotchipa. Helimeti ya njinga yamoto nayonso ayi, ikagwapo kamodzi imatha kuwonongeka mkati kunja osaoneka.

Kunenerera

Yambani ndi moni. Kaya "mwadzuka bwanji mayi," kaya "ajimwiche uli," kaya salamu, munthu amene wapatsidwa ulemu amatsitsa mosavuta kusiyana ndi amene mwangomulozera chovala ndi phazi. Musaonetse kuti mwachikonda kwambiri, ndipo ngati mwabwera ndi mwana muuzirenitu kunyumba kuti asakalumphe ndi chimwemwe pa nsapato, akatero mtengo sutsikanso.

Sonkhanitsani zonse mukufuna kwa munthu mmodzi, funsani mtengo wa chimodzichimodzi, kenako nenererani zonse pamodzi. Zimamveka chonchi:

"Achimwene, thalauza iyi ndi mashati awiriwa zonse bwanji?"

"Thalauza 9, mashati 5 iliyonse, yonse 19 pin mayi."

"Aaa koma onani zipi iyi ikufunika telala, shati iyi batani palibe. Ndili ndi 13."

"Ayi mayi mundipha, belo lake ladula. Wonjezerani."

"Chabwino 15, ndipo kakabudula ka mwana aka mundiyikire ka basela."

Chilema chitchuleni mwaulemu, osanyoza katundu wa munthu kuti ndi zinyalala pomwe mukuzifuna. Khalani ndi mtengo wanu womaliza mumtima musanayambe, akakana thokozani muzipita pang'onopang'ono, ngati pali phindu akuyitanani, akapanda kukuyitanani dziwani kuti munatsitsa kupitirira pamene anagulira, mutha kubwerera n'kuwonjezera, palibe manyazi. Komanso tisapanikize mopitirira, wogulitsa uja naye walipira chiphaso cha msika, transipoti ya belo, ndipo mu belomo theka mwina ndi zosagulika.

Chimene chimathandiza kuposa kunenerera ndi kukhala kasitomala wa munthu mmodzi kapena awiri. Tengani nambala, muuzeni masayizi a ana anu ndi zimene mumakonda, tsiku lotsegula belo amakuimbirani kapena kukupatulirani pambali. Koma musatenge pa ngongole chifukwa choti mwazolowerana, ngongole ya kaunjika imakugulitsani zinthu zimene sizinali pa listi.

Musanachoke tsegulani jumbo muwerenge katundu wanu ndi kuona ngati ndi yemwe munasankha, werengani chenji pompo. Kaunjika sabwezedwa, pokhapokha mutagwirizana poyamba kuti ikakachepa kwa mwana mudzasinthe, ndipo zimenezo zinenedwe ndalama isanaperekedwe.

Katundu wina wogwiritsidwapo kale ntchito

Si zovala zokha. Kuno kumabwera katundu wambiri ndi abale ochokera ku Joni, komanso anthu a ntchito akamasamutsidwa amagulitsa mipando, mafiriji, mabedi ndi njinga motchipa chifukwa safuna kulipira lole. Lamulo lake ndi limodzi, chamagetsi chilichonse chiyakire pamaso panu. Magetsi akakhala atazima dikirani abwere, musamve zoti "chimagwira bwinobwino, mukayesere kunyumba." Firiji isiyeni iyake kwa kanthawi mugwire mkati ngati mukuzizira, onaninso labala wa pachitseko. Werengani kachitsulo kapena kapepala ka kumbuyo: magetsi athu ndi 230V, chinthu cholembedwa 110V kapena 120V chokha ndi cha ku America, mukachilowetsa pa soketi chimapsa nthawi yomweyo, koma cholembedwa 100-240V chilibe vuto. Za ku South Africa magetsi ndi ofanana ndi athu, kungoti pulagi yake ndi ya mano ozungulira, nde werengerani ya adaputa kapena kusinthitsa pulagi.

Foni ndiye samalani kwambiri. Imbani *#06# muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ngati ikufanana ndi ya pa bokosi kapena pa lisiti, ikanimo SIM yanu muimbe, yesani kamera, sipika, pochajira ndi sikirini yonse mpaka m'makona. Mwini wake achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona, akamazemba pamenepo isiyeni, mwina ndi yobedwa ndipo kupezeka ndi katundu wakuba kutha kukugwetserani pa mlandu olo munene kuti munagula. Chinthu chodula chilichonse lemberanani kapepala, dzina la wogulitsa, nambala yake, mtengo ndi mboni. Njinga pitani ndi wokonza njinga akaone felemu ngati inawotcheredwapo, penti watsopano amabisa zambiri. Mabedi, masofa ndi matiresi unikani ndi tochi m'misoko ndi m'ming'alu, timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo nsikidzi zimatha miyezi osadya zili phee, mukazilowetsa m'nyumba mankhwala ake adya zonse munapulumutsa.

Za pa Facebook ndi WhatsApp, musatumize dipoziti kwa munthu amene simukumudziwa. Kumanani pa malo a anthu, onani katundu, kenako lipirani.

Mukafika kunyumba

Musavale kapena kumuveka mwana musanachape, ndipo musaphatikize ndi zovala zina mu sutikesi. Chovala chija chagona pansi pa msika, chagwiridwa ndi kuyesedwa ndi anthu ambiri. Patulani zoyera ndi zamitundu, chifukwa jinzi ndi zofiira zimakonda kutulutsa mtundu, ngati mukukayika nyowetsani kakona mufinyire pa kansalu koyera muone. Zakotoni, mashiti ndi matawulo viikani m'madzi otentha ndi sopo, zina zonse onani nambala ili mu kabeseni ka pa lebulo, 30, 40 kapena 60, ndiko kutentha kwa madzi kumene chovalacho chimapirira. Juzi ya ubweya madzi ozizira okha, ndipo iyanikeni mogoneka pa chinthu choyera, mukaikoleka imatalika. Zovala za khanda tsukuluzani kawiri katatu.

Zosachapika monga jekete yokhuthala kapena chikwama, mangani mu jumbo yakuda muyike padzuwa, muisiye yomanga masiku atatu kapena kuposa. Tizilombo ta mphere sitipirira masiku opitirira awiri kapena atatu tikachoka pa khungu la munthu, ndipo kutentha kwa mu jumbomo kumathandizanso. Nsapato pukutani mkati ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti kapena madzi a sopo, ziume padzuwa.

Yanikani pa chingwe padzuwa, osati pa mchenga kapena pa udzu mmene timachitira tikachapira kunyanja kapena ku Shire. Pali ntchentche ija imayikira mazira pansi ndi pa zovala zonyowa, mphutsi yake n'kulowa pa khungu kumatupa ngati chithupsa, ana ndi amene amavutika nayo kwambiri. Zikauma sitani mbali zonse makamaka m'misoko, kaya ndi simbi ya makala kaya ya magetsi. Timadontho ta mu kachithunzi ka simbi pa lebulo tikuuzani moto wake, kamodzi ndi moto wochepa, titatu ndi wambiri, ndipo polyester pa simbi ya makala yikanipo kansalu pamwamba apo ayi isungunuka.

Zofuna telala zipite sabata yomweyo zitachapidwa, zikangolowa mu sutikesi zimakhala momwemo mpaka mwana atazipitirira. Valani chovalacho pamaso pa telala alembe ndi choko pofunika kudula, pa thalauza ya mwana muuzeni apinde mkati osadula kuti chaka chamawa mudzangomasula. Gwirizanani mtengo ndi tsiku lotenga, perekani theka, yotsala mudzapereke polandira, ndipo ngati Idi kapena Khirisimasi yayandikira pitani msanga chifukwa makina onse pa khonde amakhala atadzaza ndi nsalu zatsopano, zokonzetsa amaziyika pambuyo.